Galimoto ya Pakamwa Pawiri

M'shopu ya a Kapena zinthu zinkayenda ziwiriziwiri. Masizasi awiri pathebulo, matepi awiri m'khosi, mawotchi awiri pakhoma, ina yothamanga ina yotsalira, ndipo eni ake ankati nthawi yeniyeni imakhala pakati pa mawotchiwo. Buluku ankalimanga ndi lamba n'kulikolekanso ndi timalamba ta m'mapewa, kuopa kuti lamba mmodzi angadzawayalutse pagulu. Dzina limeneli sanabadwe nalo ayi, analipeza ndi pakamwa pawo. Kasitomala akafunsa kuti suti ituluka liti, iwo ankati, "Lachitatu, kapena Lachisanu." Akafunsa ngati siketi ikhale ya zipi, ankayang'ana nsalu, n'kuyang'ana kudenga, kenako n'kunena kuti, "Zipi ndi wabwino. Kapena mabatani. Kapena tiike zonse."

Anthu ankawapirira chifukwa luso lokha linalipo. Bambo wa mimba ngati mtsuko akavala jekete la a Kapena, akazi ake ankayamba kumuchitira nsanje. Chimene telalayu ankanyadira koposa chinali makina ake osokera: ena amagetsi, ena opalasa ndi mapazi. Magetsi akazima, matelala anzawo ankakhala pakhonde atagwira tsaya, pamene a Kapena ankangosuntha mpando n'kuyamba kupalasa. "Munthu wanzeru sadalira chinthu chimodzi," ankatero mokweza, kuti a pakhonde aja amve. Zinthu zimene anali nazo chimodzichimodzi zinali mkazi ndi mwana basi. Pa nkhani ya mkazi, mayi a kunyumba sanalole n'komwe kuti pakhale kukambirana. Mwana ndiye Mulungu anawapatsa mmodzi yekha, wamkazi, amene ankamutcha Kabatani kuyambira tsiku limene anameza batani akukwawa pansi pa makina.

Chaka chimene Kabatani anapeza banja, galimoto yakale ya a Kapena inayamba kutsokomola m'mawa uliwonse, mpaka makaniko anapukusa mutu n'kunena kuti aiperekeze mwaulemu. Apa m'pamene a Kapena anagwira njakata, chifukwa aphungu anali awiri.

Woyamba anali mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, munthu wamfupi wojintcha, wogulitsa matayala. "Alamu, gulani ya petulo," anatero. "Ikamva ludzu mumaimwetsa, nkhani yatha. Zamagetsizi ndi mafoni ovala matayala. Mudzagona panjira mukufunafuna soketi."

Wachiwiri anali anesi a m'nyumba yapansi, popeza a Kapena ankakhala m'nyumba yosanja, chipinda chapamwamba. Anesiwo anali ndi kagalimoto ka magetsi okhaokha, kamene madzulo alionse ankakalumikiza pakhoma la pakhomo pawo. "Ine fungo la petulo ndinaliiwala," anatero. "Mtengo wogulira ndi wowawa, sindikunamizani. Koma ndi ululu wa jakisoni, achikulire. Umabaya kamodzi, kenako munthu amachira."

A Kapena akacheza ndi alamu, ankagona ali munthu wa petulo. Akakumana ndi anesi pamasitepe, ankafika kushopu ali munthu wa magetsi. Mwezi unatha akuyenda pabasi, mpaka tsiku lina wogulitsa magalimoto, atatopa ndi kuwatsegulira zitseko, anawatengera pakona n'kuwaonetsa galimoto yotuwa. Anatsegula kachitseko kumbuyo: pothira petulo. Anazungulira n'kutsegula kena: polumikiza chingwe cha magetsi.

"Iyi imadya zonse ziwiri, bwana."

A Kapena anamva ngati akumana ndi m'bale wawo amene anasochera kalekale. Wogulitsayo, kunena zoona, sanawabise kanthu. Ananyamula chingwe n'kunena kuti, "Phindu lake lonse lili pa chingwe ichi. Mukamaitchaja tsiku ndi tsiku, maulendo a m'tauni muno petulo simumufuna. Mukachita ulesi, ndiye kuti mwagula galimoto ya petulo yodula, yongosenza batire lolemera ngati katundu wa eni." Mawu oyambawo analowa bwino. Otsirizawo analowa khutu ili n'kutulukira linalo, chifukwa a Kapena anali kalikiliki kutsegula ndi kutseka tizitseko tija.

Madzulo ake mayi a Kabatani anamvetsera nkhaniyo akupukuta mbale.

"Mtengo wake bwanji?"

"Wakwererako pang'ono."

"Pang'ono penipeni, kapena pang'ono pa telala? Paja inu mukati mudula pang'ono, buluku limasanduka kabudula."

A Kapena anatchula mtengowo motsitsa mawu. Mayiwo anaika mbale pansi mosamala kwambiri, chifukwa ndalama zimenezo zinkatanthauza kuti shopu yaikulu ya m'mbali mwa msewu, imene anakhala akuilota zaka zambiri, idikirenso.

"Ili ngati makina anga aja, mayi," a Kapena anachonderera. "Imodzi ikakanika, inayo ilipo."

"Makina anu opalasa samwa kanthu, bambo a Kabatani. Amadya miyendo yanu, ndipo miyendoyo simuiiwala kunyumba. Iyi pakamwa pake ndi pawiri, ponse pofuna kudyetsedwa. Inuyo amene mphaka mmodzi anathawira kwa anesi chifukwa cha njala?"

"Mphaka uja anali wadyera."

"Nanga soketi? Ife timakhala pamwamba, galimoto imagona pansi."

"Chingwe chilipo."

Mayiwo anangoti, "Chabwino," ndipo aliyense amene anakhalapo pabanja akudziwa kuti mawu amenewa si kuvomera.

Masiku oyamba zinthu zinakoma. Galimoto inkachoka pakhomo mwakachetechete, moti agalu a m'njiramo ankadzidzimuka itawafika kale pamchira. A Kapena ankadutsa pamalo omwetsera mafuta akuimika dzanja kwa anthu a pamzere ngati akuwapepesa maliro. Madzulo ankatsitsa chingwe chachitali kuchokera pazenera la kukhitchini mpaka pansi. Koma chingwecho chinalanda soketi ya ketulo, chinagwetsa maluwa a anesi, ndipo mphepo ikawomba chinkakwapula zochapa za anthu. Atamva madandaulo okwanira, a Kapena anaganiza zomatchajira kushopu. Kumeneko soketi yoyandikira khomo inali imodzi, yomweyo ya simbi, ndipo telala wopanda simbi yotentha si telala.

Pang'ono ndi pang'ono mtima wawo unapeza njira yopumulira. Akafika kushopu n'kuona chingwe chopindikapindika, ankati, "Aa, petulo alipo." Akamadutsa pamalo omwetsera mafuta n'kuona mzere, ankati, "Aa, magetsi alipo." Kutsogolo kwa chiwongolero kunali timivi tiwiri, kena ka batire kena ka thanki, ndipo iwo ankayang'ana kokhako kamene kanali pamwamba, monga kholo lokondera. Alamu, pokhala ndi thanki yokha, sankalola kuti itsike kufika pakati. Anesi, pokhala ndi batire lokha, sankavula nsapato asanalumikize chingwe. A Kapena okha ndi amene ankagona tulo tabwino, podziwa kuti ali ndi zonse.

Ukwati wa Kabatani unali wokachitikira kutauni ina, kwawo kwa mwamuna. Za diresi panalibe kufunsa. A Kapena ankanyoza zovala za m'sitolo moyo wawo wonse, ankati zimasokedwa ndi anthu amene sanaonepo thupi la munthu. Diresi la mwana wawo analiyamba miyezi ingapo ukwati usanafike, ndipo linali lokongola kuposa chilichonse chimene manja awo anagwirapo: lotukuka m'munsi, la mchira wautali, la mikanda yosokerera umodziumodzi. Chinalichedwetsa ndi kumsana. Anaika zipi, n'kumasula. Anaika mabatani, n'kumasula. Tsiku loti banja linyamuke litafika, anali atangoganiza kumene zoika zonse ziwiri.

Choncho mayi ndi mwana anakwera galimoto ya alamu, anesi nawonso anali oitanidwa ndipo ananyamuka ndi kawo, a Kapena n'kutsala kuti amalize n'kudzalawirira m'mawa wa tsiku la ukwatilo. Asanakwere, Kabatani analowa m'shopu n'kuwagwira mkono.

"Adadi, diresili ndalikonda. Koma chimene ndikufuna kwambiri mawa ndi mkono uwu pakhomo la tchalitchi. Musachedwe."

"Ndichedwe bwanji, mwana wanga, ndi galimoto ya injini ziwiri?"

Mayi anasuzumira pazenera la galimoto. "Mwaimwetsa?"

"Magetsi alipo."

"Mwaitchaja?"

"Petulo alipo."

"Alamu anu akuliza hutala, apo ayi bwenzi tikupitiriza," anatero mayiwo.

Mawu amenewa anawabaya ndithu, moti masana omwewo a Kapena analumikiza galimoto pasoketi ya pakhomo la shopu. Posakhalitsa mpendero wa diresi unafuna simbi. Anazula chingwe cha galimoto, n'kulumikiza simbi, n'kulonjeza mumtima kuti abwezeretsa. Kenako batani lina linakhala mopendekeka, mkanda wina unasowa, ndipo chingwe chija chinagona pansi pafupi ndi tsache.

M'mawa anavala suti yawo yatsopano yaimvi, imene anadzisokera okha, nagoneka bokosi lalikulu la diresi pampando wakumbuyo. Atayatsa galimoto, anafunafuna kamuvi kowasangalatsa, koma tonse tiwiri tinali titagona pansi. Kanyali kachikasu ka petulo, kamene kanakhala kakuwatsinzinira mlungu wonse, kanali kakuyakabe. A Kapena anachita masamu awo. Pang'ono kuphatikiza pang'ono, anatero, ndiye kuti pali ndithu.

Potuluka m'tauni anakhotera pamalo omwetsera mafuta. Mzere unali wautali, ndipo kutsogolo kwawo kunali lole imene inkamwa ngati sidzamwanso. Anayang'ana wotchi. Anakumbukira kuti pamasitolo ena a m'njira pali potchajira magalimoto, popanda mzere. Anachoka pamzerewo, ndipo galimoto imene inali kumbuyo kwawo inawathokoza ndi hutala.

Pamasitolo paja potchajira panalidi popanda munthu. Analumikiza chingwe n'kuima pambali, manja m'thumba. Kamuvi sikanasunthe. Anazungulira galimoto, n'kusuzumiranso. Kanali kakwera ngati kukhuthala kwa ulusi. Apa anazindikira kuti batire silidya mothamanga ngati thanki, ndipo anayamba kusirira petulo, amene amangoti khuthu, munthu n'kumapita. Ankadziwa kuti kutsogolo, kuseri kwa chitunda, kuli malo ena omwetsera mafuta. Anazula chingwe.

Chitundacho anakwera theka. Injini inatsokomola kawiri n'kukhala chete. A Kapena anamwetulira, chifukwa nthawi imene anailipirira ndalama zambiri ija inali itakwana: batire linalandira ntchito. Linawanyamula mwaulemu kudutsa mitengo ingapo ya m'mbali mwa msewu, kenako nalonso linatula pansi udindo. Galimoto inaima phee, pamalo popanda nyumba, popanda sitolo, kumwamba kutada bii.

Anatulutsa mafoni awo, pakuti analinso awiri. Ina inali itazima chifukwa sanaitchaje, podalira inzake. Inzakeyo inali ndi moto koma inalibe mayunitsi.

Anatenga botolo la madzi, n'kukhuthula, nayamba kukwera chitunda kukafuna petulo. Madontho oyamba atawagwera pamphuno, anaima. Kapena kumasitolo kuja n'kufupi, ndipo kuli anthu amene angathandize kukoka. Anatembenuka, nadutsa galimoto yawo yomwe, akutsika. Mvula inalimba. Anaimanso. Kumasitolo kulibe petulo, ndipo ngakhale akokedwe, batire lija lidzadya mwaulesi momwe muja. Anatembenukanso. Pamene ankadutsa galimotoyo kachiwiri, mvula inali ikukhuthuka ngati yochita kutunga, suti yaimvi itasanduka yakuda, nsapato zikulira chofuchofu, ndipo sanafike kumtunda kapena kumunsi.

Foni yamoyo ija inalira m'thumba. Anali mayi a Kabatani.

"Muli pati?"

"Pafupi. Kapena tinene kuti pakati."

"Chatha n'chiyani, petulo kapena magetsi?"

"Zonse, mayi."

Mayiwo sananene kuti ndinakuuzani, ndipo zimenezo zinawawa kuposa kunena. Anangofotokoza kuti alamu atati anyamuke kudzawatenga, pobwerera adzapeza abusa atayamba ukwati wina, chifukwa tsikulo maukwati anali ondondozana.

Ali pafoni choncho, panatulukira bambo wina pa njinga yamoto, atavala chipulasitiki. A Kapena anaima pakati pa msewu n'kutambasula manja. Bamboyo anamva nkhani yonse, anasuzumira bokosi, n'kuyang'ana a Kapena kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mpando ndi umodzi, achikulire. Bokosi lokha ndikhoza kulimanga, ndilifunditse pulasitikiyu, likafika louma. Inu nokha ndikhozanso kukunyamulani."

"Kapena ndikwere nditalisenza pamutu?"

"Ndi mphepo iyi? Tikatsikira m'ngalande tonse."

"Kapena ndilitulutse, ndilikumbatire?"

"Mchira wakewo ukalowa m'tayala, ukwati usanduka maliro. Sankhani chimodzi, inenso ndili ndi kopita."

A Kapena anayang'ana bokosi kudzera pagalasi lonyowa. M'menemo munali miyezi yawo, maso awo, ndi mbiri yawo yonse ya utelala. Anthu a kuchimuna anali atamva kale kuti bambo a mkwatibwi ndi telala wotchuka, ndipo ankadikira kuona. Pakamwa pawo panayamba kale kuumba mawu aja a masiku onse, koma pafoni, imene anaiwala kudula, panamveka mawu ena, aang'ono.

"Adadi, bwerani inuyo."

Anakhoma galimoto, nakwera njinga. Aka kanali koyamba m'moyo wawo kusankha chinthu osayang'ana kumbuyo, ngakhale kuti misozi inatsika, ndipo anathokoza mvula powabisira.

Anafika belu likulira. Alamu anawakokera kuseri, n'kuwavula jekete lodontha madzi, n'kuwaveka lawo lapadera limene linali m'galimoto. Paja alamu anali aafupi ndi ojintcha: manja a jeketelo anathera pafupi ndi zigongono, pamene pamimba panatsala malo a munthu wina. Kabatani anali ataima pakhomo la tchalitchi m'diresi loyera la mchemwali wa mkwati, amene anakwatiwa chaka chapitacho. Linali la m'sitolo. Linali lalikulu, ndipo mayi anali atalibweza kumsana ndi mapini. Diso la a Kapena linagwera pa msoko wa paphewa, umene unali wokhota, ndipo zala zawo zinayamba kuyabwa.

Kabatani anakolowetsa mkono wake m'mkono wawo wonyowawo n'kuwafinya.

"Musayang'ane msoko, adadi. Yang'anani kutsogolo."

Anayenda. Nsapato zinkalira chofuchofu motsatana ndi nyimbo, ana a pabenchi lakutsogolo akudziluma milomo, ndipo kumbuyo kwa mkwatibwi, m'malo mwa mchira wa mikanda, munatsala mapazi amadzi a bambo ake. A Kapena anachita manyazi amene sanawachitepo chibadwire, komanso anasangalala, ndipo ulendo uno zonse ziwiri zinalidi zawo.

Diresi lenileni linafika madzulo, phwando lili pafupi kutha. Anesi ndi amene anakalitenga pa kagalimoto kawo kopanda phokoso, alamu akutsatira ndi chigubu cha petulo, ndipo m'njira yonse awiriwa ankatsutsana kuti ndani wapulumutsa mnzake. Kabatani analivala n'kuvina nalo nyimbo zotsiriza. Amayi amene anali atatsala analizungulira, akugwira mikanda, akufunsana kuti zipi ndi mabatani pamodzi n'zachiyani. Koma wojambula zithunzi anali atapita kale.

Ndiye chithunzi chimene chili m'shopu ya a Kapena lero, pakati pa mawotchi awiri aja, n'cha mwana wa telala atavala diresi lobwereka lomangidwa ndi mapini, pambali pake telala mwini wake m'jekete lothera m'zigongono, tsitsi litamatirira pachipumi. A Kapena anafuna kuchipachika kuchipinda. Mayi a Kabatani ndi amene anakhoma msomali m'shopumo ndi manja awo.

Galimoto ija sanaigulitse, chifukwa inalibe mlandu. Anaitana wamagetsi kudzaika soketi yakeyake pakhomo la shopu, imene simbi siiloledwa kuyandikira, ndipo thanki amaidzaza mayi akangotsokomola. Masiku ano petulo amagula mwa apo ndi apo, ndipo mayi anavomera, atakakamizidwa, kuti mwina shopu ya m'mbali mwa msewu ija idzafika asanakalambe kwambiri. Makasitomala amene akuganiza zogula galimoto amakonda kuwafunsa ali ndi tepi m'chiuno.

"Ndiye mutiuze, a Kapena, yoteroyi ndi yoyenera mtengo wake?"

Iwo amachotsa mapini pakamwa. "Mumaiwala kudyetsa mphaka?"

Kasitomala akadabwa, amamulozera chithunzi chija n'kumufotokozera zonse, kuyambira pa simbi mpaka pa chitunda. Amati amene ali ndi pothawira pamodzi amathamangira pomwepo mitambo ikangoyamba kuda, ndipo amafika wouma. Iwo anali napo pawiri, anapalipira ponse, ndipo mvula inawapeza pamsewu atanyamula botolo lopanda kanthu. Akuluakulu sananame: mapanga awiri avumbwitsa.